Kukwera Thabwa ndi Wodwala

Msewu wa M1 ukanyamuka pa boma la Nsanje kulunjika ku Blantyre umayenda makilomita oposa 170. Gawo lalikulu la ulendowu ndi la m'chigwa cha Shire, dziko lathyathyathya, lotentha ngati ng'anjo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, momwe milambe imaima patalipatali pakati pa minda ya thonje, mapira ndi chitowe. Msewuwo umadutsa Tengani, Bangula, Sorgin, Ngabu, Miseu Folo, Nchalo ndi Dyeratu. Ukawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kufika pa Thabwa umasintha khalidwe, n'kuyamba kukwera phiri mokhotakhota, injini ikulira, mpaka kamphepo kozizira ka ku Blantyre katakulandirani.

Amene wayendapo kangapo pa minibasi mumsewuwu sachedwa kuzindikira okwera anzake. Ogulitsa nsomba amadziwika ndi mitanga yawo, ana asukulu ndi masutukesi. Koma pali ena amene amakwera awiriawiri. Mmodzi amakhala wofooka, wokhala cham'mbali mosamala, wotseka maso galimoto ikagwera m'dzenje. Winayo amafungatira ndowa momwe muli poto, mbale ziwiri, mthiko ndi kathumba ka ufa, mkeka ataupinda n'kuumanga ndi luzi. M'kajumbo komwe wakamangirira m'chitenje muli buku la kuchipatala ndi kalata yowatumiza kuchipatala chachikulu. Amenewa ali pa ulendo wa opaleshoni. Ndinatsata njira yawo kuyambira kumsika komwe ndalama ya ulendowu imapezeka mpaka pa mafuwa pomwe imathera.

M'zipatala za boma ku Malawi opaleshoni salipiritsa. Zimenezi n'zoona, ndipo n'zoyenera kuzinena mosapsatira, pakuti m'maiko ena a mu Africa mayi wobereka kudzera pa opaleshoni amapatsidwa bilu asanatuluke, ndipo pena amasungidwa m'wodi mpaka abale atalipira. Kuno mpeni wa dokotala, mankhwala ogonetsa ndi bedi n'zaulere. Komabe m'midzi ya m'chigwachi mawu akuti “akufunika opaleshoni” amamveka ngati uthenga wa ngongole. Banja likangowamva limayamba kuponya maso m'khola.

Matenda ofuna mpeni kuno si achilendo. Alipo amayi amene mwana wakanika kutuluka. Alipo anyamata othyoka miyendo pa njinga zamoto za kabaza, zomwe zachuluka zedi m'zaka zapitazi, ndi ogwa pa ngolo ng'ombe zitadzidzimuka. Alipo asodzi ndi amayi otunga madzi olumidwa ndi ng'ona m'mbali mwa Shire ndi m'dambo la Elephant Marsh, ana opsa ndi moto kapena phala, agogo a ng'ala m'maso, ndi abambo a chophuka. Ndiye pali phudzi. Chikwawa ndi Nsanje ali m'gulu la maboma omwe anazunzika kwambiri ndi tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu, tomwe timatupitsa miyendo ndi kuyambitsa phudzi mwa abambo. Boma linayamba kugawa mankhwala kwa anthu onse chaka ndi chaka mu 2008, ndipo mu 2020 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti Malawi wagonjetsa matendawa. Koma mankhwala amapha tinyongolotsi chabe. Phudzi lomwe linakula kale limachoka ndi opaleshoni basi.

Bambo wa phudzi kapena chophuka amayamba kulipira asanaone n'komwe chipata cha chipatala. Sangawerame tsiku lonse ndi khasu, sangapalase njinga kupita kumsika, sangalembedwe ganyu yodula nzimbe. Munda umachepa chaka ndi chaka. Tikamuona akuchedwa kupita kuchipatala timafulumira kumukumbutsa za zengerezu yemwe adalinda kwawukwawu, pena timanena kuti ndi manyazi kapena kudalira asing'anga. Manyazi alipodi. Koma ine ndimaona kuti kawirikawiri bamboyo wawerengera bwinobwino: akudziwa kuti ulendo woyamba ndi wokaonana ndi dokotala, wachiwiri wokapatsidwa tsiku, wachitatu mwina wokagonekedwa, ndipo ulendo uliwonse ndi wa anthu awiri. Amadikira kuti agulitse thonje. Thonje likagulitsidwa pamabwera fizi ya ana ndi ngongole ya mankhwala opopera. Amadikira chaka china. Chophuka chomwe chikanakonzedwa mosavuta tsiku limodzi chimadzamanga matumbo pakati pa usiku, ndipo pamenepo palibenso zowerengera.

Pa Bangula ndi pa Ngabu ndi pomwe munthu amaona banki yeniyeni ya m'chigwachi. Ndi dera la ziweto, ndipo ng'ombe ndi mbuzi zambiri zomwe zimadyedwa mumzinda wa Blantyre zimachokera kuno. Tsiku la msika fumbi limakwera, mbuzi zikulira pa zingwe, mavenda akuzungulira akugwira misana ya ziweto. Venda wodziwa ntchito yake sayang'ana mbuzi yokha. Amayang'ananso nkhope ya mwini. Munthu amene wabwera kudzagulitsa chifukwa mtengo uli bwino amatha kukana n'kubwerera nayo kumudzi. Amene wasiya wodwala akubuula kunyumba sangabwerere nayo, ndipo venda amadziwa zimenezo. Choncho mbuzi ya matenda imapita motchipa kuposa inzake yofanana nayo msinkhu. Komanso imene imagulitsidwa msanga ndi yaikazi yonenepa, yomwe ikanaswa kawiri chaka chisanathe ndi theka. Banja silitaya mbuzi imodzi. Limataya khola la mawa.

Amene alibe ziweto ali ndi njira zina, zonse zowawa. Ena amagulitsa mapira kapena chimanga chomwe anasunga kuti adye, n'kudzagulanso chomwecho mu Januwale pa mtengo wokwera, kapena kulowa m'dambo kukazula nyika pakati pa ng'ona. Ena amapinyolitsa njinga, wailesi kapena malata omwe ankasonkhanitsa limodzilimodzi. Ena amabwereketsa dimba, lomwe m'chigwachi ndilo limapulumutsa banja mvula ikakanika, n'kudzapezeka akugwira ganyu m'dimba lawo lomwe. Otsiriza amapita kwa a katapila, komwe chiwongoladzanja chimatha kufika theka la ngongoleyo pamwezi umodzi, pena kuposa. Opaleshoni ikachedwa ndi mwezi, ngongoleyo sidikira.

Kutsidya la kum'mawa kwa Shire nkhani imakulirako. Anthu a ku Makhanga ndi Muona ali m'boma la Nsanje, koma pakati pa iwo ndi chipatala cha boma lawo pali mtsinje. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anadula misewu ndi kusiya madera ena ofikika pa bwato pokha. Chipatala chapafupi chochita opaleshoni kumeneko ndi cha mishoni cha Trinity, ku Muona, monganso pa Nchalo pali cha St Montfort. Zipatala za mipingo, zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM, zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thandizo la zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi komwe boma silinafike. Boma limalipira malipiro a ogwira ntchito ambiri m'zipatalazi, koma mankhwala, magetsi ndi mafuta zimadalira ndalama za odwala, motero zimalipiritsa. Kuyambira mu 2006 maofesi a zaumoyo a m'maboma akhala akuchita mapangano ndi zipatala za CHAM oti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa kwaulere, boma n'kubweza ndalamazo pambuyo. Mapanganowa apulumutsa amayi ambiri, ngakhale amagwedezeka boma likachedwa kulipira. Koma kawirikawiri sakhudza bambo wa chophuka kapena mnyamata wothyoka mwendo. Iwowa amasankha pakati pa bilu ya chipatala chapafupi ndi mtengo wa ulendo wopita ku chaulere chakutali. Mbali zonse ziwiri zimadya mbuzi.

M'zipatala za m'chigwachi mumamvekanso Chisena cha kutsidya kwa malire. Anthu a ku Mozambique, ochokera mbali za Mutarara ndi Morrumbala, amawoloka pa bwato kapena kudzera pa Marka kudzafuna thandizo, monga momwe makolo awo anathawira kuno nthawi ya nkhondo m'zaka za m'ma 1980. Kwa iwo ulendo ndi wautali koposa, ndipo ndalama yawo imayamba yatafunidwa ndi osintha ndalama pamalire.

Pa Dyeratu pamapatukira msewu wopita ku boma la Chikwawa, komwe kuli chipatala chachikulu cha bomalo. Zipatala za m'maboma ngati chimenechi ndizo msana wa opaleshoni ku Malawi, ndipo amene amagwira mpeni kawirikawiri si madokotala akuluakulu koma ma clinical officer. Iwowa ndiwo amachita opaleshoni zambiri za amayi obereka m'maboma. Dziko la Mozambique nalo linatenga njira yomweyi mu 1984, litatsala ndi madokotala owerengeka, ndipo linayamba kuphunzitsa akatswiri ake otchedwa técnicos de cirurgia. Pakati pa 2011 ndi 2016, ntchito ya COST-Africa, yomwe sukulu ya madokotala ya College of Medicine inachita pamodzi ndi anzawo a ku Ireland, inaphunzitsa ma clinical officer a ku Malawi ndi Zambia kuchita opaleshoni zina monga ya chophuka ndi phudzi pa boma pomwepo, ndipo zotsatira zake zinali zabwino. Opaleshoni iliyonse yochitika pa boma ndi ulendo wa Thabwa umene banja lapulumuka.

Vuto ndi lakuti chipinda cha opaleshoni chimadalira zinthu zambiri nthawi imodzi. Pafunika wogonetsa odwala, magetsi kapena mafuta a jenereta, madzi, makina ophera majeremusi pa zipangizo, ulusi wosokera, mpweya ndi magazi. Chimodzi chikasowa, zonse zaima. Ndipo poti chipindacho nthawi zambiri chimakhala chimodzi, mayi amene moyo wake ndi wa mwana uli pachiswe ayenera kulowa poyamba, wa chophuka n'kuuzidwa kuti abwerenso sabata ya mawa. Palibe amene walakwa pamenepo. Koma ndalama ya minibasi yapita.

Chitsanzo chomwe chimandikhudza kwambiri ndi cha fupa la ntchafu. Munthu akathyoka fupali, njira yomwe yakhala ikugwiritsidwa ntchito m'zipatala zambiri za m'maboma ndi yoboola kachitsulo m'mwendo, kumangirirapo chingwe ndi cholemera cholendewera kumapazi kwa bedi, kuti mafupa aluzane okha. Wodwala amagona chagada masabata 6 kapena kuposa. Sangapite yekha kuchimbudzi, sangatembenuke. Masabata onsewo pambali pake payenera kukhala munthu, ndipo munthuyo ndi mkazi wake, mayi wake kapena mlongo wake, amene akanakhala ali kumunda. Njira ina ndi yolowetsa chitsulo m'kati mwa fupalo pa opaleshoni, ndipo wodwala amayamba kuyendera ndodo pakangopita masiku ochepa. Anthu ankaganiza kuti chitsulo n'chodula kwa dziko losauka. Kafukufuku wochitika ku Malawi komweko anapeza kuti mukawerengera masiku a bedi ndi ntchito yotayika, chitsulocho ndicho chotchipa. Njira yooneka yosafuna ndalama sinali yotchipa ayi, ndipo gawo lina la mtengo wake ankalipira ndi banja.

Amene sangathandizidwe pa boma ndiwo amakwera Thabwa. Wodwala mwakayakaya amatengedwa pa ambulansi ya boma, mafuta akakhalapo. Pa nthawi za kusowa kwa mafuta, zomwe zabwerezabwereza m'zaka zapitazi, mabanja ena asonkhapo okha ndalama ya mafuta kapena kuchita hayala galimoto. Kugwa mphamvu kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kunakweza mitengo ya minibasi ndi ya mankhwala nthawi imodzi. Ndipo ambulansi imadziwa njira yopita. Yobwerera, munthu akatulutsidwa, nthawi zambiri amadzionera yekha.

Minibasi ikamakwera, chigwa chimatambasuka pansi ngati mphasa. Shire amanyezimira uku akupindapinda, minda ya nzimbe ya ku Nchalo ikuoneka yobiriwira pakati pa dziko louma. Alendo amakonda kuima pamenepa n'kujambula zithunzi. Wosunga wodwala sayang'ana kunja. Amagwira phewa la mnzake pa kona iliyonse.

Pali ziwerengero zomwe zimafotokoza bwino ulendo umenewu. Mu 2015 gulu la akatswiri lomwe linasonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet linapeza kuti anthu 5 biliyoni padziko lapansi sangapeze opaleshoni yabwino, yotsika mtengo, pa nthawi yake, ndipo kuti chaka chilichonse pamafunika opaleshoni zina 143 miliyoni zomwe sizichitika. Linapezanso kuti chaka ndi chaka anthu 33 miliyoni amagwa m'mavuto aakulu a zachuma kaamba ka bilu ya opaleshoni ndi mankhwala ogonetsa. Koma anthu enanso 48 miliyoni amagwa m'mavuto omwewo kaamba ka zinthu zosalembedwa pa bilu: mayendedwe, chakudya ndi malo ogona. Onse pamodzi ndi 81 miliyoni. Taonani kuti chiwerengero chachiwiricho n'chachikulu kuposa choyamba. Muyeso womwe akatswiri amagwiritsa ntchito ndi wakuti banja likawononga pa matenda ndalama zoposa gawo limodzi mwa magawo 10 a zomwe limagwiritsa ntchito pachaka, ndiye kuti lagwa m'tsoka. Kwa mlimi amene ndalama imamufikira kamodzi pachaka, malire amenewa amadumphidwa asanafike n'komwe pa Thabwa. Akatswiriwo ananenanso kuti anthu ochuluka ayenera kukhala pa mtunda wosaposa maola awiri kuchoka pa chipatala chotha kuchita opaleshoni zitatu: yobereketsa, yotsegula m'mimba ndi yokonza fupa lotulukira kunja. Wochokera ku Nsanje pa minibasi, maola awiri amamuthera akadali m'chigwa.

Chipatala cha Queen Elizabeth, chomwe akuluakulu amachitchabe kuti Gulupu, chili pa Ginnery Corner, malo omwe dzina lake linachokera ku makina ochotsa njere m'thonje. Thonje la m'chigwa linkakwera phiri lomweli kalekale, ndipo lero alimi ake amalitsatira. Ndi chipatala chachikulu koposa m'dziko muno, chimodzi mwa zinayi zotere pamodzi ndi cha Zomba, cha Kamuzu ku Lilongwe ndi cha Mzuzu. Makonde ake ndi ataliatali, olumikiza mawodi ngati misewu ya m'tauni, ndipo munthu wochokera kumudzi amasochera tsiku loyamba. M'menemo mumagwira ntchito madokotala a opaleshoni odziwa bwino ntchito yawo, koma ndi ochepa poyerekeza ndi chigawo chonse chakummwera chomwe chimawayang'anira.

Malo amene ndinakhalitsa si m'wodi koma panja, pomwe osunga odwala, omwe onse amangowatcha magadiyani, amaphikira ndi kugona. Pa chipatala chachikulu chilichonse m'dziko muno pali mudzi wotere, wopanda mfumu, womwe anthu ake amasintha sabata ndi sabata koma utsi wake suzima. M'mamawa kusanache amayi amakhala atayatsa kale mbaula, ena akupemerera moto pa mafuwa atatu. Zitenje zimayanikidwa pa udzu ndi pa mpanda. Mumamva Chisena, Chimang'anja, Chilomwe ndi Chiyao pamalo amodzi. Nthawi yoona odwala ikakwana, mzere wa amayi osenza mabeseni ovundikira ndi nsalu umalowa m'makonde mwakachetechete.

Gadiyani si mlendo wodzazonda matenda. Anamwino ndi ochepa, motero iye ndiye amasambitsa wodwala, kumudyetsa, kumutembenuza, kutaya za m'chimbudzi, kuchapa, kukankha njinga ya odwala kupita kojambula, ndi kuthamanga kukaitana namwino usiku. Ndi wantchito wa chipatala amene salandira malipiro. Chipatala chimapatsa wodwala chakudya, koma gadiyani amadzidyetsa yekha. Ndipo kuno chilichonse chomwe kumudzi amangotola chimagulidwa. Nkhuni n'zogula. Masamba omwe kumudzi amathyola kuseri kwa nyumba n'ogula. Mchere, sopo, tomato, mayunitsi oimbira kumudzi, ngakhale kutchajitsa foni. Ufa wa m'kathumba uja unapimidwira sabata imodzi, chifukwa kalata sinanene kuti adzakhala masiku angati.

Masiku ndiwo amadya ndalama koposa zonse. Wodwala amatha kuuzidwa madzulo kuti asadye kanthu chifukwa mawa alowa, m'mawa n'kuvekedwa chovala cha opaleshoni, masana n'kubwezedwa pa bedi chifukwa kwabwera ovulala pa ngozi ya pamsewu, kapena magazi a gulu lake palibe. Bungwe losonkhanitsa magazi la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003, limadalira kwambiri ana asukulu, choncho magazi amachepa sukulu zikatsekera. Zikatero abale amapemphedwa kupereka magazi, ndipo mbale woti apereke ali ku Tengani, wofunikanso kumulipirira minibasi. Nthawi zina mankhwala ena akasowa m'nkhokwe ya chipatala, banja limapatsidwa kapepala koti likagule ku famase ya m'tauni, kapena kukajambulitsa ku chipatala cholipira makina akawonongeka. Tsiku lililonse lotere, kumudzi udzu ukukula m'munda ndipo mtsikana wamkulu wasiya sukulu kuti aziphikira azing'ono ake.

Chomwe chimasunga mudzi wa magadiyaniwu ndi chifundo cha anthu osadziwana. Amene ufa wamuthera amadya kwa mnzake wa mbaula yoyandikana. Amene wodwala wake watulutsidwa amasiyira otsala makala ndi mchere. Amene wodwala wake wamwalira amaperekezedwa ndi amayi omwe anakumana nawo dzana, akuimba nyimbo mpaka ku nyumba ya chisoni. Pamenepo pamayambanso bilu ina, ya bokosi ndi galimoto yotsika Thabwa, ndipo iyi mudzi wonse umasonkha mosanyinyirika.

Apa mpomwe ndimaona chinthu chofunika kuti alangizi, mafumu ndi atsogoleri a magulu achilingalire. Ife timadziwa kusonkhera maliro. Uthenga ukangofika, mbale ya chipepeso imayenda, ufa umabwera, anyamata amanyamula makasu. Koma munthu yemweyo akadali moyo, akufuna ndalama ya anthu awiri yokafikira ku Blantyre, amasiyidwa ndi mkazi wake ndi venda wa mbuzi. Magulu ambiri a banki m'khonde ali ndi kathumba ka zadzidzidzi, ndipo kawirikawiri kamathera pa maliro. Palibe choletsa gulu kulemba m'malamulo ake kuti kalata yotumiza munthu ku opaleshoni ndi chifukwa chokwanira chotsegulira kathumbako, kapena chobwereketsa ndalama popanda chiwongoladzanja mpaka atakolola. Palibenso choletsa mpingo kapena kalabu ya alimi kupalira munda wa banja lomwe lili kuchipatala, monga momwe makolo ankachitira pa dima. Mlangizi wa zaumoyo naye angathandize banja kufunsa mafunso asananyamuke: kodi opaleshoniyi singachitike pa boma, kodi madokotala a ku Blantyre abwera liti kudzaona odwala kuno, kodi tsiku lomwe lalembedwa ndi loonana ndi dokotala kapena logonekedwa. Ulendo umodzi wopanda pake ukapewedwa, mbuzi imodzi yatsala m'khola. Makampu a opaleshoni ya phudzi ndi ya ng'ala, omwe akhala akuchitika m'maboma a m'chigwachi, amadzaza ndi anthu pa chifukwa chomwechi: amabwera pafupi, tsiku lake limadziwika, ndipo ena amabweza ndalama ya mayendedwe.

Kuseri kwa makonde omwewo kuli dziko lina. Zipatala zikuluzikulu za boma zili ndi mawodi olipira, ndipo mumzindawu muli zipatala zomwe si zaboma komwe opaleshoni imachitika mwachangu kwa amene ali ndi ndalama kapena inshuwalansi monga ya MASM. Koma inshuwalansi yotere ili ndi anthu ochepa, makamaka a pa ntchito zolembedwa. Mphunzitsi wopuma kapena mwini golosale, atatopa ndi kudikira, amagulitsa puloti kuti alipire. Amene matenda awo sangachizike m'dziko muno amadikira pa mndandanda wa boma wotumiza odwala kunja, makamaka ku India, kapena amapempha thandizo pa wailesi ndi pa WhatsApp. Ana ali ndi mwayi wochulukirapo. Chipatala cha Beit CURE, chomwe chinatsegulidwa mu 2002 pafupi ndi Gulupu, chimawongola kwaulere mapazi ndi miyendo ya ana, ndipo mu 2017 panatsegulidwa Mercy James Centre, malo a opaleshoni ya ana omwe anamangidwa ndi bungwe la Raising Malawi. Ndi ntchito zotamandika. Komabe mwana sabwera yekha kuchokera ku Nsanje.

Anansi athu ayesa njira zina. Zambia inachotsa malipiro m'zipatala za kumidzi mu 2006, ndipo mu 2018 inakhazikitsa lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse, yoyendetsedwa ndi bungwe la NHIMA. Kusonkhetsa ogwira ntchito zolembedwa n'kosavuta, pakuti ndalama imadulidwa pa malipiro. Kufikira mlimi wa ku Chipata kapena Petauke amene amagwira ndalama pa nthawi yokolola yokha ndiyo ntchito yaikulu. Ndipo inshuwalansi imalipira bilu, silipira minibasi kapena makala. Mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti aziika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, koma maiko ambiri, kuphatikizapo Malawi, zaka zambiri akhala pansi pa mlingowo. Zomwe bajeti yalephera kugula, ulusi wosokera, mafuta a jenereta, wogonetsa odwala wachiwiri pa boma, zimakathera pa msika wa ziweto wa Bangula.

Tsiku lotuluka m'chipatala limabwera ndi malangizo. Wa chophuka amauzidwa kuti asanyamule zolemera kapena kugwira khasu kwa masabata angapo. Mayi wa opaleshoni yobereka amauzidwa zomwezo za mtsuko ndi mtondo. Ulusi akachotsetse pa chipatala chaching'ono cha kwawo. Gadiyani amamanganso mkeka, ndowa ili yopepuka, ndipo amawerenga ndalama yomwe mchimwene watumiza pa foni kuti aone ngati ikwana anthu awiri mpaka ku Bangula kapena ayambe atsikira pa Nchalo kwa achibale. M'buku la kuchipatala dokotala walembamo tsiku loti adzabwerenso kudzaonedwa. Kwa amene anachitidwa opaleshoni mu Novembala, tsikulo limagwa mu Januwale, mitsinje itadzaza, nkhokwe ili mbee, a katapila atabwera kale kawiri pakhomo. Ambiri amayang'ana bala, n'kuona kuti lauma, n'kubweza bukulo m'kajumbo kake.